Kuwerenga pa Tchuthi Chachikulu ku Laibulale Yathu: Mafunso ndi Mayankho

Sukulu zikangotseka, makolo amayamba kuima pakhomo pa laibulale, wina ali ndi thumba la ufa pamutu kuchokera kuchigayo, wina watsamiritsa njinga pakhoma. Mafunso ake amakhala omwewo chaka ndi chaka, ndiye taganiza zowalemba pamodzi ndi mayankho ake. Laibulale yathu, imene ambiri kuno ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, amaitcha biblioteka, ndi yaing'ono: chipinda chimodzi cha mabuku, khonde lotakasuka ndi mabenchi angapo. Amene ndikuyankha pano ndine mmodzi mwa anthu amene timakhala ndi anawo pamphasa.

Kodi ana amadzachita chiyani kwenikweni ku laibulale pa tchuthi?

Amadzawerenga, komanso amadzawerengeredwa. Akafika, choyamba ndi kusamba m'manja pa ndowa imene imakhala pakhonde, chifukwa Disembala ndi nyengo ya mango, ndipo tsamba logwidwa ndi dzanja la mango silichedwa kuitana mphemvu. Kenako wamkulu mmodzi amawerenga nkhani mokweza ana atakhala pamphasa. Amaima pakati n'kufunsa kuti, "Mukuona ngati Kalulu achita chiyani tsopano?" Akatha kutsutsana za Kaluluyo timawagawa m'magulu malinga ndi pamene aliyense wafika. Ena akuphunzira zilembo, ena akulumikiza maphatikizo, ena akutha kale kumaliza okha kabuku konse. Pomaliza aliyense amalemba kapena kujambula kanthu m'kope lake.

Kuno kulibe mayeso, kulibe zolengeza kuti uyu ndi woyamba uyu ndi wotsiriza, ndipo kulibe mkwapulo.

Bwanji mumachita zimenezi m'dzinja, pamene ana amafunika kumunda?

Chifukwa ndi nthawi imene tchuthi chathu chachikulu chimagwera. Kuno ku Mozambique sukulu zimatseka chaka chikamatha n'kutsegulanso cha kumapeto kwa Januwale kapena kuchiyambi kwa Febuluwale. Abale athu a ku Dedza ndi ku Ntcheu chaka chawo cha sukulu chimayamba mu Seputembala, ndiye tchuthi chachitali chimawapeza kunja kutauma. Ife chimatipeza khasu lili m'manja: kubzala, kupalira, kuthira feteleza, kubandira, ndipo m'mabanja olima fodya ntchito siitha n'komwe.

Sitinganene kuti mwana asapite kumunda, poti ifenso timadya za kumunda komweko. N'chifukwa chake timakumana masana, anthu ataweruka ndi kudya nsima. Tikupempha maola awiri okha, masiku atatu pa sabata. Vuto ndi lakuti mvula ya kuno imakonda kugwa masana omwewo, ndipo ikayamba kuwomba pa malata sitimvana. Pamenepo timatseka buku n'kuyamba zojambula mpaka ikate.

Mwana amene wangoyamba kumene kuzindikira zilembo akakhala miyezi iwiri osaona buku, zimachitika ngati njira ya kudimba imene anthu aleka kupitamo m'dzinja. Udzu umatseka. Funsani mphunzitsi aliyense wa kalasi 2 kapena 3 zimene amapeza sukulu zikatsegula, akuuzani kuti masabata oyamba amathera kulambula njira yomwe analambula kale chaka chatha.

Pamafunika ndalama zingati?

Palibe, ngakhale metical imodzi. Wina akakuuzani kuti mulipire kanthu kolembetsera, bwerani mudzatiuze. Mwana abwere ndi kope lakale limene latsala ndi masamba, lija timati kaderno, ndi pensulo ngati ali nayo. Yunifolomu siifunika, nsapato sizifunika.

Mumalandira ana a misinkhu iti?

Kuyambira a zaka 5, amene akukonzekera kukayamba kalasi 1, mpaka a kalasi 6, pamene pulayimale imathera masiku ano potsatira lamulo la maphunziro la 2018. Mwana amene sanalembedwepo kusukulu, kapena amene analekera panjira, ndi amene tikumufunitsitsa. Musamubise chifukwa cha msinkhu.

Mwana wanga ali kalasi 4 koma satha kuwerenga. Sakachita manyazi pakati pa anzake?

Sali yekha, mayi. Ana otere ndi amene amadzaza mphasa zathu.

Ndikukumbuka mnyamata wina wa kalasi 4 amene anandiwerengera tsamba lonse la buku lake la Chipwitikizi mosadodoma, mawu omveka bwinobwino. Nditaphimba chithunzi ndi dzanja n'kumulozera liwu limodzi pakati pa mzere, anangoti zii, maso ali kudenga. Tsamba lija analiloweza pamtima ngati nyimbo ya kukwaya. Wina akanati ndi mbuli, koma ganizirani mutu umene ungasunge tsamba lathunthu m'chilankhulo chimene mwini wake sakuchimva. Mutu wotere ndi wakuthwa, kungoti palibe anali atamuonetsa kuti zilembo zimanyamula mawu amene iye amawalankhula tsiku lililonse.

Tinatuluka panja. Ndinatenga kamtengo n'kulemba pansi "mo", kenako "to". Anatchula chilichonse pachokha kangapo, milomo ikugwedera. Kenako anati "moto", n'kutembenuka kuyang'ana utsi umene unkatuluka pakhitchini ya nyumba yoyandikana nafe. Anandilanda kamtengo kaja n'kunena kuti, "Aphunzitsi, nanga ufa amaulemba bwanji?"

Sindikuloza chala aphunzitsi. Munthu mmodzi amene ali ndi kalasi yodzaza, ina yophunzirira pansi pa mtengo, ndipo ana ena akulowa m'mawa ena masana, sangakhale pansi ndi mwana mmodzi kwa theka la ola. Ife pa tchuthi nthawi imeneyo tili nayo. Timagawa ana potengera zimene akutha, osati kalasi imene ali, ndipo wamkulu amene akuchita manyazi kukhala ndi ang'onoang'ono timamutengera pambali.

Chinthu china chimene timayang'anitsitsa ndi maso ndi makutu. Mwana akamayandikitsa buku mpaka kukhudza mphuno, kapena akamatembenuza khutu limodzi nthawi zonse, timauza makolo kuti apite naye kuchipatala.

Mayeso amalemba m'Chipwitikizi, ntchito amafunsira m'Chipwitikizi. Bwanji inu mumayamba ndi Chinyanja?

Funso limeneli amakonda kufunsa ndi abambo, ndipo ndi lomveka. Chipwitikizi ndicho chilankhulo cha boma, ndipo mwana wosachidziwa zitseko zambiri zimamutsekekera. Ifenso cholinga chathu n'chakuti achidziwe bwino.

Koma taonani katundu amene timamusenzetsa mwana wa zaka 6. Kunyumba amalankhula Chinyanja, chimene ena timati Chichewa. Kusewera, kupemphera, kulira, zonse m'Chinyanja. Akalowa m'kalasi timafuna aphunzire zinthu ziwiri nthawi imodzi: chinsinsi cha mmene zilembo zimasandukira mawu, ndi chilankhulo chachilendo. Ambiri amagwa nazo zonse ziwiri. Tikamuyambitsa m'chilankhulo chake, katundu amakhala mmodzi. Akatchula liwu amalizindikira, ndipo akalakwitsa amadzimva yekha kuti zimene wanenazo sizikumveka.

Chinyanja chilinso ndi ubwino wina pophunzirira. Mawu ake amawerengedwa monga alembedwera, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa a, e, i, o kapena u. Chipwitikizi chili ndi misampha yake: "s" wa mu "casa" amamveka ngati z, "x" amasintha kamvekedwe malinga ndi liwu, palinso "ão", "lh" ndi "ç". Mwana amene wagwira kale chinsinsi cha kuwerenga misampha imeneyi amaidumpha mosavuta, chifukwa kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha. Chotsala chimangokhala kudziwa mawu atsopano.

Maganizo amenewa si ongopeka ife. Pakati pa 1993 ndi 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri pa ntchito yotchedwa PEBIMO, ndipo zigawo zimene zinasankhidwa zinali ziwiri: Gaza, ndi Chichangana, ndi Tete yathu ino, ndi Chinyanja. Kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu zina za boma. Malamulo aakulu a dziko a 2004, pomwe amati Chipwitikizi ndi chilankhulo cha boma, amanenanso kuti zilankhulo zathu ndi chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro. Chimene chikuchepa ndi mabuku, ndipo za zimenezo ndinena kutsogoloku.

Choncho gulu limene layamba kuwerenga lokha limakhala ndi nthawi ya Chipwitikizi tsiku lililonse lokumana. Timawerenga nkhani yaifupi, n'kuifotokoza m'Chinyanja kuti tione ngati yamveka, kenako n'kubwereranso ku Chipwitikizi.

Mabuku ena alemba "cimanga", ena "chimanga". Cholondola n'chiti?

Zonse ziwiri. Kalembedwe kamene akatswiri a zilankhulo anagwirizana kuno ku Mozambique, kuyambira pa msonkhano wa 1988 ku Maputo, kamagwiritsa ntchito "c" yekha, n'chifukwa chake mabuku a boma amalemba "Cinyanja". Ku Malawi amalemba "ch". Ife tili m'malire, mabuku athu amachokera mbali zonse ziwiri, ndiye timangomuuza mwana kamodzi kuti ndi liwu limodzi lovala malaya awiri. Sachedwa kuzolowera.

Chimene chimasokoneza kwambiri n'china. Mwana amene anayamba ndi Chipwitikizi anaphunzira kuti "ch" amamveka ngati mu "chuva", ndiye akaona "chimanga" amawerenga kuti "shimanga". Akafuna kulemba "nyumba" amalemba "nhumba". Sitimukalipira, timaika mawu awiriwo pambalipambali kuti aone yekha kusiyana kwake.

Ana a anthu ogwira ntchito amene anachokera kumzinda wa Tete kapena ku Mutarara, olankhula Chinyungwe ndi Chisena, nawonso abwere. Amamvana ndi anzawo msanga kuposa mmene makolo amaganizira.

Ine sindinapite kusukulu. Ndingamuthandize bwanji mwana?

Musadziderere. Ambiri mwa makolo ndi agogo a kuno sukulu inawadutsa osati chifukwa cha ulesi. Nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992 inatseka sukulu zambiri, ndipo anthu ochuluka a kuno anathawira ku Malawi. Ena anaphunzira kumeneko Chichewa ndi Chingerezi n'kubwerera osadziwa Chipwitikizi. Ena sanalowepo m'kalasi. Zimenezi timazidziwa, ndipo palibe adzakufunsani kuti munalekezera pati.

Chimene mungachite ndi ichi: mwana akabwera ndi buku, mumuuze akuwerengereni inu mukugwira ntchito yanu, kaya mukusenda mbatata, kaya mukusadzula nkhwani. Mvetserani, mufunseni mafunso, mumuuze abwereze pamene simunamve.

Tsiku lina agogo ena anabwera kudzatenga mdzukulu wawo mvula itatsala pang'ono kugwa. Anakhala pa benchi kudikira kuti mtsikanayo amalize tsamba. Iye anawerenga kuti, "Mayi anatenga mtondo n'kupita kuchitsime." Agogo aja, amene sadziwa ngakhale chilembo chimodzi, anadula pomwepo: "Iwe, kuchitsime amapita ndi mtondo? Tayang'ananso bwino pamenepo." Mtsikana uja anabweza chala m'mbuyo, n'kuyang'anitsitsa. "Mtsuko, agogo." "Eya, pitiriza." Buku likanakhala la Chipwitikizi agogowo sakanatha kutero, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chimene timayambira ndi chilankhulo cha pakhomo.

Kodi mwana angapite nalo kunyumba buku? Nanga likanyowa kapena kutayika?

Angathe, buku limodzi kwa sabata imodzi. Tsiku loyamba abwere ndi kholo kapena amene akumulera kuti tidziwane. Sitifunsa BI, chiphaso chija cha unzika, timangolemba dzina, mudzi ndi mfumu yanu.

M'dzinja adani a buku ndi ambiri: mvula ya panjira, denga lodontha, chiswe, makoswe. Likulungeni m'jumbo, ngakhale ya shuga, ndipo kunyumba mulikoloweke m'mwamba, osati pansi pa mphasa. Likanyowa musaliwambe pamoto. Bwerani nalo, tidzalikonza tsamba ndi tsamba.

Likatayika tidzakambirana. Chimene chimandipweteka si buku lotayika, koma mwana amene waleka kubwera chifukwa akuopa kufunsidwa za bukulo. Ndipo abambo, chonde, masamba a mabuku athu si opichirira fodya. Talandirapo buku limene masamba ake omaliza anang'ambidwa bwinobwino, ndipo ana onse amene analibwereka pambuyo pake sanadziwe mmene nkhani inathera.

Mtsikana wanga amandithandiza kulera mwana ndi kuphika. Ndimutumize bwanji?

Abwere ndi mwanayo kumbuyo. Makanda pamphasa pathu si alendo.

Ndinene mosabisa: tikamayamba, atsikana ndi anyamata amakhala ochuluka mofanana, koma pofika pakati pa Januwale atsikana okulirapo amayamba kusowa mmodzimmodzi. Mnyamata akaweruka kumunda waweruka, pamene mlongo wake madzi, nkhuni ndi mbale zikumudikira. Gawirani anyamata zina mwa ntchitozi masiku atatu okhawo. Tchuthi chachitali ndi nthawinso imene atsikana ena amatayika kupita kubanja asanakhwime, ngakhale lamulo la 2019 limaletsa ukwati wa aliyense wosakwana zaka 18. Mtsikana amene akudziona kuti akutha kuwerenga bwino sataya sukulu msanga.

Timaweruka dzuwa likadali m'mwamba kuti aliyense akafike kwawo kusanade.

Ife timakhala kutali, cha ku Dómuè. Titani?

Musatumize ana kuoloka mitsinje yodzaza chifukwa cha buku. Tili ndi mabokosi angapo a mabuku amene amayenda pa njinga. Mudzi ukapeza munthu wodalirika wotha kuwerenga, ndi malo osadontha monga tchalitchi kapena kalasi, abwere ndi mawu a amfumu tidzakambirane. Timamuonetsa mmene timachitira kwa masiku angapo, n'kumupatsa bokosi. Misewu ikauma amabwera kudzasinthitsa.

Nanga akuluakulu, laibulale ingatithandize chiyani?

Ntchito yaikulu imene timagwirira akuluakulu ndi kuwawerengera mapepala. Anthu amabwera ndi mgwirizano wa ulimi wa fodya umene auzidwa kuti adinde chala, kalata yochokera kusukulu, pepala la kuchipatala, uthenga wa pafoni. Timawerenga n'kumasulira m'Chinyanja liwu ndi liwu. Sitikuuzani kuti sainani kapena musasaine. Timangofuna mudziwe chimene mukuvomera, makamaka pa za ngongole ya feteleza ndi mmene idzadulidwire pogulitsa.

Timathandizanso kulemba requerimento (kalata yopempha kanthu ku ofesi) ndi kalata yofunsira ntchito, ndi kukufotokozerani kumene mungapite pa za BI, NUIT (nambala ya msonkho) kapena kalembera wa kubadwa kwa mwana. Mapepala amenewa ife sitipereka, amaperekedwa ndi maofesi ake a boma, ndipo aliyense wonena kuti akukonzerani kudzera ku laibulale akukunamizani.

Pa za M-Pesa ndi e-Mola, njira zija zotumizira ndalama pafoni, tikhoza kukuwerengerani uthenga, koma nambala yanu yachinsinsi musatiuze, ndipo musauze wina aliyense. Mauthenga aja onena kuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" ndi a akuba. Musanatumize, imbirani kaye m'bale wanuyo pa nambala imene mumaidziwa.

Palinso gulu la akuluakulu ophunzira kuwerenga ndi kuwerengera. Ambiri ndi amayi, ndipo chimene chimawabweretsa nthawi zambiri ndi sikelo: akufuna kuona okha manambala pamene wogula akuyeza soya, nyemba kapena mbatata ya kachewere, ndi kuchulukitsa okha makilogalamu ndi mtengo. Ndiye timayambira pomwepo. Gululi limachepa m'dzinja n'kudzazanso anthu akakolola.

Muli ndi kompyuta ndi intaneti?

Kompyuta ilipo yolembera makalata, magetsi akakhalapo. Intaneti ndi ya apo ndi apo. Kutchaja foni timalola okhawo amene akuwerenga kapena kuthandizidwa panthawiyo.

Wanga ali kusekondale. Pali malo ake?

M'mawa chipinda cha mabuku chimakhala chete, abwere adzawerenge. Mabuku a masamu ndi sayansi tili nawo ochepa, ndiye amawerengera pomwepo osapita nawo. Amene akulakalaka kudzaphunzira zaulimi pa nthambi ya Universidade Zambeze imene ili ku Ulónguè konkuno, kapena kupita kusukulu zaukachenjede za kumzinda wa Tete, azolowere kukhala ndi buku maola angapo osadzuka.

Tikuwapemphanso kuti masana atsale adzawerengere ang'onoang'ono. Ndaona kuti wachinyamata amene wawerengera ana mokweza kwa mwezi wathunthu amasintha iye mwini: mawu amatuluka, ndipo amaleka kuthamangira mizere osamva.

Tamva kuti mukufuna agogo odziwa nthano. N'zachiyani?

Apa ndi pamene pali kusowa kwathu kwenikweni. M'nyumba zambiri za kuno buku la Chinyanja limene lilipo ndi Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Mabuku a nkhani za ana m'chilankhulo chathu ndi osowa, ndipo ochepa amene tili nawo mwana wakhama amawamaliza tchuthi chisanafike pakati.

Ndiye timapanga athu. Agogo amayamba, "Padangotero," ana onse n'kuyankha, "Tili tonse." Okulirapo amalemba, ang'onoang'ono amajambula zithunzi, ndipo timasoka masambawo ndi ulusi, chikuto chake cha katoni. Mabuku osokawa ndi amene amabwerekedwa kwambiri, chifukwa mwana amapezamo dzina la phiri limene amaliona ndi mtsinje umene amasambamo. Si nthano zokha: tili ndi kabuku ka mmene amalimira mbatata ya kachewere, kena ka miyambi ndi zilape, kena ka nyimbo za ngoma ya Angoni.

Agogo ena amakana kuimba nthano masana, amati mwambo sulola. Sitiwakakamiza, mdzukulu amapita ndi kope kunyumba n'kukalemba madzulo pamoto. Za Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, timalemba zokhazo zimene aliyense amaona pabwalo. Za kudambwe zili ndi eni ake, ndipo sizilowa m'makope athu.

Ndikufuna kuthandiza. Mukusowa chiyani?

Mabuku a ana a Chinyanja kapena Chichewa, kaya ndi a "c" kaya a "ch", ndi a Chipwitikizi chosavuta okhala ndi zithunzi. Amene mumapita ku Lilongwe, ku Dedza kapena ku Tete, mukaona kabuku kotere tikumbukireni. Makope, mapensulo, choko, ulusi wolimba ndi mphasa sizikwana nthawi zonse. Mabuku akuluakulu a Chingerezi amene palibe angawawerenge kuno amangotidyera malo, ndiye funsani kaye musanavutike kuwanyamula.

Koposa zonsezi tikusowa anthu. Ngati mumatha kuwerenga ndipo muli ndi mtima wodekha ndi ana, masana amodzi pa sabata ndi okwanira. Wothandiza watsopano sakhala yekha ndi ana. Amagwira ntchito limodzi ndi wina amene wakhalitsa, pakhonde poonekera.

Sukulu zikatsegula ndiye kuti zatha?

Zokumana katatu pa sabata zimatha, koma laibulale siitseka. Kubwereka mabuku kumapitirira, ndipo Loweruka masana timawerengabe nkhani pakhonde. Kope limene mwana walembamo pa tchuthi musaliyatsire moto. Apite nalo kwa mphunzitsi wake watsopano sabata yoyamba, chifukwa patsamba lomaliza timalembapo pamene mwanayo wafika ndi zilembo zimene zikumuvutabe.